Madesiki Akakankhidwira Kukhoma

Mu 1982 mnyamata wina wa pasukulu ya sekondale ya HHI mumzinda wa Blantyre adalemba sewero, adaliphunzitsa anzake, ndipo lidapambana pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za m'dziko muno. Mnyamatayo adali Dunduzu Chisiza Jr., yemwe Amalawi adangomuzolowera ndi dzina loti Du. Adapita ku America kukaphunzira za zisudzo, atabwerako adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo kufikira imfa yake mu 1999 anthu ankakhamukira kumasewero ake. Pakayambika nkhani ya mipikisano ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lomwe lakhala likukumanitsa sukulu pa nsanja kwa zaka zoposa 50, dzina la Du silichedwa kutuluka, ndipo n'zoyenera. Koma kumbuyo kwa Du mmodzi kuli ana miyandamiyanda omwe adaponda nsanja yomweyo n'kukathera kwina: ena ndi anamwino ku Queens, ena ndi makhansala, ena ali ndi benchi ya kaunjika ku Limbe. Kutchuka sadakupeze. Chomwe adachoka nacho ndi chizolowezi chofunsa chimene chachititsa kanthu, ndi pakamwa potha kutula maganizo pagulu mawondo osagundana. Adawapatsa zimenezi ndi aphunzitsi oyang'anira makalabu a zisudzo, anthu omwe mayina awo salembedwa pa chikho chilichonse. Ntchito yawo ili ndi luso lake, ndipo luso limenelo limaoneka bwino kumene kulibe holo, kulibe nsalu yotchinga, kulibe magetsi a pasiteji.

Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri ana ambiri a sekondale amaphunzira m'sukulu zoyendera, makamaka zija timati ma CDSS, zomwe zidalowa m'malo mwa ma MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo khamu limenelo lidafika ku sekondale makalasi ndi mabuku zisanakwane. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda, buku limodzi pa ana angapo, ndi silabasi yoti ithe mayeso a MANEB asanafike, amachita chimene angathe. Amalemba manotsi pabolodi, ana amakopera, amaloweza, amakabweza pa pepala la mayeso. Mphunzitsi ameneyo sindimunyoza. Koma mwana akhoza kutha zaka zinayi za sekondale mwa njira imeneyi osafunsidwapo kuti iyeyo akuganiza bwanji, ndipo tsiku loyamba kufunsidwa limadzakhala pa intavyu ya ntchito, kapena pamaso pa ankhoswe banja likugwedezeka.

Mayi amene ndikufuna kuwafotokoza amaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi pasukulu ina yoyendera cha ku Bangwe. Ana amangowatchula kuti Madamu. Belu loweruka likalira Lachitatu ndi Lachisanu, a kalabu ya zisudzo amatsalira, amakankhira madesiki kukhoma, amawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, pakati n'kutsala bwalo. Mlendo amayamba kudabwa ndi chakuti Madamu sabwera ndi sewero lolembalemba. Masabata oyambirira a teremu ana sapatsidwa mawu oti aloweze. Amatumidwa kukamvetsera. Aliyense abwere ndi mawu amene wamva ndi makutu ake sabata imeneyo, kaya m'minibasi yochokera ku Limbe, kaya pamzere wa zigubu pampopi, kaya kuchigayo, ndipo awanene monga momwe anatulukira m'kamwa mwa mwini wake.

Ana amayamba ndi kudula nkhani. "Amayi ena amakalipira kondakitala chifukwa cha chenje." Madamu amapukusa mutu. "Zoti amakalipa ndamva. Ananena kuti chiyani?" Mwana amakanda m'mutu, kenako mawu amabwera: "Anati, mwana wanga, ndalama ukuikanirayo ndi ya mchere kunyumba kwanga." Madamu amafunsanso, "Ndiye pamenepo amakalipa kapena amadandaula?" Apa mwana amaona yekha kuti zimene anamva ndi zimene anaweruza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Atolankhani, apolisi ndi madokotala amakaphunzira kusiyanitsa kumeneku kukoleji. Pano kukubwera ndi funso limodzi, ndipo Madamu sanena n'komwe kuti ili ndi phunziro.

Teremu ina nkhani imene inagwira mitima ya ana onse inali ya mwini nyumba amene anazula chitseko cha mayi wa lendi chifukwa cha ngongole ya miyezi iwiri. Palibe mwana wa m'malokeshoni amene sadziwa nkhani yotere, ndipo ena mwa iwo anagonapo m'nyumba yotchinga ndi chitenje pakhomo. Anagawana mbali mwachangu. Mtsikana wina wa Fomu 2, wa pakamwa pakuthwa, anatenga mbali ya landilodi. Analowa m'bwalo manja ali m'chiuno, akulalata, akukankha mipando. Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Madamu anadikira kuti kuseka kuthe, kenako anakoka mpando umodzi n'kuuika pakati.

"Amayi a nyumba, takhalani apa."

Sanamuitane ndi iwe wa masiku onse. Anamupatsa ulemu wa munthu amene akumuimira, ndipo mtsikanayo atakhala pampando msana unawongoka wokha.

"Mayiwa ali nanu ngongole ya miyezi iwiri. Mwezi wathawu munapirira. Lero chavuta n'chiyani?"

"Ndatopa nawo basi."

"Kutopa sikubwera kokha. Mwadzuka bwanji m'mawa uno? Kunyumba mwasiyako ndani?"

Kunali zii. Mtsikanayo anaponya maso kwa anzake kuti amupulumutse, Madamu n'kukweza dzanja kuti wina asayerekeze kuyankha. Kudikira kumeneku ndiko ndimakusirira kwambiri pa luso lawo lonse. Mphunzitsi aliyense amadziwa mmene lilime limayabwira mwana akachedwa kuyankha, ndipo ambiri amangoponya yankho kuti phunziro lipite patsogolo. Madamu amatha kukhala duu, nkhope yosakwiya komanso yosafulumiza, mpaka amene ali pampando atasiya kufunafuna yankho pankhope za anzake n'kuyamba kulifufuza m'mutu mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Mwana wanga amubweza kusukulu dzulo," anatero mtsikanayo, mawu atatsika. "Fizi."

"Bambo ake ali kuti?"

"Anapita ku Joni. Masiku ano foni sakuimbanso."

"Nyumba za lendi muli nazo zingati?"

"Ziwiri zokha. Inayo ikudontha, munthu anasamukamo."

Atafika apa Madamu anabwerera kumbuyo n'kusiyira ana mpandowo. Mafunso anagwa kuchokera mbali zonse, ena opepuka, ena olasa. Mnyamata wina amene sakonda kulankhula anafunsa kuti, "Nanga amayi, mukazula chitsekocho ndalama ipezeka?" Mtsikanayo anakhala kanthawi. "Ayi, sipezeka. Koma anthu aona kuti ine si wosewera naye." Madamu anangoti, "Chabwino. Bwererani mukazulenso chitseko chija." Ulendo uno landilodi analowa mwakachetechete. Anaodira, anapereka moni, anafunsa za ana, ndipo pamene ankatulutsa sikuludiraiva m'chikwama maso ake anali pansi. Palibe anaseka. Sewero linasiya kukhala la munthu woipa ndi munthu wabwino, linasanduka la amayi awiri omwe aliyense ali ndi mwana womuyang'ana.

M'phunziro la Chichewa ana omwewa amaloweza kuti mpangankhani ndi ndani, chiphunzitso n'chiyani, ndipo amakhoza. Pampando paja amachita china chozama: amaumba munthu kuchokera pa zifukwa zake, ndipo amaona kuti kuseri kwa chifukwa chilichonse kuli chinanso. Chitseko chazulidwa chifukwa cha fizi, fizi yasowa chifukwa bambo ali ku Joni, bambo anapita ku Joni chifukwa ntchito inatha. Mwana amene wayenda njira imeneyi kangapo savutika kumva chifukwa chimene mtsinje wa Mudi umasefukira mitengo ikatha m'phiri la Ndirande. Sabata yotsatira Madamu amasinthanitsa mbali. Amene anali landilodi amakhala wa lendi, ndipo amayenera kuteteza mbali imene dzana ankailalatira, ndi mtima wonse.

Ana akamaumba sewero limodzi sipalephera mkangano, ndipo Madamu saletsa. Ali ndi lamulo limodzi lokha: usanatsutse mnzako, yamba wabwereza zimene wanena, mpaka mwini wake avomere kuti wamumvadi. Lamuloli limachedwetsa zinthu, ndipo limagwira kwambiri anyamata a mawu aakulu omwe anazolowera kupambana ndi phokoso. Amapezeka kuti mfundo ya mnzawo sanaimve n'komwe, amangodikira kuti atseke pakamwa. Amene anakhalapo pabwalo la milandu kumudzi akudziwa kuti izi si zachilendo. Nduna yodziwa ntchito imayamba yabwereza dandaulo kuti bwalo lonse limve chimodzi, kenako mbali inayo n'kuyankha.

Pali china chimene Madamu amasamala nacho chimene anthu ambiri obwera ndi maphunziro a kulimba mtima amachiphonya. Ana athu amaleredwa kuti akulu akamalankhula sayankha, maso amayang'ana pansi. N'zosavuta kuuza mtsikana kuti dzuka, yang'ana munthu m'maso, nena zakukhosi. Koma akakachita zimenezo kwa amalume ake madzulo omwewo, amangotchedwa wamwano, ndipo mfundo yake imafera pomwepo. Madamu sataya ulemu. Amaphunzitsa kutsutsa mkati mwa ulemu. M'sewero lija munali pamene mwana wa mayi wa lendi amayenera kuuza amalume ake kuti kukatenga katapila si nzeru. Mtsikana wotenga mbaliyo anayesa koyamba mwaukali, Madamu n'kufunsa gulu kuti, "Kwanu amalume akanamvera?" Onse anakana. Anayesa mwamantha, mawu akumeza, gulu linakananso. Pomaliza anagwada, nati, "Amalume, mwanena zoona kuti chitseko chikufunika lero. Ndimati ndifunse nawo, mwezi wamawa akadzabwera a katapila, tidzagulitsa chiyani?" Mawu amenewo akhoza kunenedwa m'nyumba iliyonse ya m'Bangwe, ndipo akhoza kusintha chiganizo cha munthu wamkulu popanda kumuchititsa manyazi.

Nkhani ikaima, Madamu amatembenukira ku mawu. Amatuluka m'kalasi n'kukaima kuseri kwa windo lakumbuyo, ana akupitiriza. Kenako mumangomva, "Sindinamve." Sanena kuti kweza mawu. Mwana amakuwa, iwo amati, "Phokoso ndamva, mawu sindinamve." Amamuuza aike dzanja pamimba, apume mpaka dzanja lisunthe, alankhule mpweya ukuchokera pamenepo osati pakhosi. Amamuuza amalize mawu aliwonse, chifukwa mwana wamanyazi amameza mathero a mawu, ndipo m'Chichewa ukameza mathero, womvera sadziwa ngati wati gula kapena gulitsa. Amamuuza aime ndi miyendo yonse iwiri, asapatse anthu msana, ndipo akafika pa mawu olemera ayambe waima kaye. Nyengo ya mvula malata akamalira saimitsa pulakatisi. Amati tsiku limenelo ndiye labwino, chifukwa amene wamveka mvula ikugwa padenga adzamveka paliponse.

Ana awiri tsiku lililonse sasewera. Amakhala pambali ngati oonerera, ndipo pomaliza amanena chinthu chimodzi chimene anachikhulupirira, china chimene sanachikhulupirire, ndi chifukwa chake. Mawu oti zinali bwino saloledwa. Mmisiri wa ndowa mumsika wa Ndirande amathiramo madzi asanagulitse kuti aone podontha, ndipo oonerera awiriwa ndiwo madzi a sewerolo. Ntchitoyi Madamu amakonda kuyamba kuipereka kwa ana ofatsa, aja amakhala kumbuyo chaka chonse osakweza dzanja. Nthawi zambiri iwowo ndi amene amaona zambiri, ndipo gulu lonse likakhala chete kudikira chiweruzo chawo, amazindikira kuti maso awo ali ndi mtengo. Amene akudzudzulidwa amaphunzira kumva osadziteteza msanga, chinthu chimene akuluakulu ambiri m'maofesi sanachiphunzirebe.

Chingerezi chimabwera pambuyo. Madamu amadziwa bwino kuti popanda kukhoza Chingerezi mwana salandira satifiketi ya MSCE, komanso kuti masewero a ATEM amachitika m'Chingerezi. Koma amakana kuyambira kumeneko. Sewero limaumbidwa m'Chichewa mpaka mwana aliyense atadziwa chimene munthu wake akufuna ndi chimene akuopa. Zikatero ana amalemba okha mawu awo m'Chingerezi, Madamu n'kukonza galamala papepala, osati kudula mwana pakamwa ali mkati molankhula. Kusiyana kwake kumaonekera pasiteji. Mwana amene analoweza Chingerezi cha munthu wina, liwu limodzi likathawa, amauma ngati chitsa. Amene akudziwa kuti landilodi akufuna fizi ya mwana wake amapeza liwu lina n'kupitirira. Ine ndimaima ndi Madamu pamenepa. Ganizo limayenera kukhwima m'chilankhulo chimene mwana amalotera, kenako n'kuvala chilankhulo china. Ndipo amene amakayika kuti Chichewa chingasenze nkhani zolemera akumbukire gulu la Kwathu, lomwe lakhala likuchita masewero m'Chichewa kuyambira mu 1980, ndi mmene malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, ankatisekesera kwinaku akutilasa.

Njira imeneyi ili ndi makolo ake. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita m'midzi kukaumba masewero ndi anthu m'chilankhulo chawo, pa nkhani za umoyo ndi chitukuko. Sewero likafika pothina ankatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa chochita. Ku Brazil, Augusto Boal adatchuka ndi njira yofanana nayo, yosandutsa woonerera kukhala wosewera. Kuno kwathu zimenezi zinkachitika nthawi imene lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe laonedwa ndi Censorship Board lisanaonetsedwe, nthawi imene Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Kufunsa mafunso pagulu kunali kuika moyo pachiswe, koma aphunzitsi adapeza njira yosungira funso m'kati mwa sewero.

Lero mwana wa ku Bangwe akhoza kufunsa osaopa kugogoderedwa usiku. Chimene chamuzinga n'china. Foni ili m'manja mwake imamuthira mayankho usana ndi usiku: mauthenga a pa WhatsApp olonjeza ntchito kunja, anthu oti amachulukitsa ndalama, mankhwala ochiza matenda onse, ndipo tsopano makina a pa intaneti omwe amalemba nkhani yonse ukangowatuma. Mayankho sakusowa. Chosowa ndi munthu wotha kukhazika uthenga pampando uja n'kuufunsa kuti, walankhulayu ndani, akufuna chiyani kwa ine, n'chifukwa chiyani akufuna lero osati mawa. Safunsa adadya phula, ndipo phula la masiku ano limafika litakutidwa bwino. Sitikudziwa ntchito zimene ana awa adzagwire zaka 20 zikubwerazi, koma iliyonse idzafuna munthu womva zimene mnzake wanena, wopima, ndi woyankha momveka.

Mkangano waukulu pa sewero la chitseko unali pa mathero. Ana ankafuna kuti pomaliza pabwere amfumu kapena abusa, adzudzule landilodi, alangize wa lendi, onse agwirane chanza. Ndi mmene masewero ambiri amathera, ndipo ana anakula akuona zimenezo. Madamu sanakane. Anangofunsa kuti, "Kumene mumakhala inuyo, chitseko chikazulidwa amabwera ndani?" Ana anayang'anana. Wina anati nthawi zambiri sipabwera munthu, aneba amangosuzumira pawindo. Anakangana masana onse, aliyense akuyamba wabwereza mawu a mnzake, ndipo pomaliza anagwirizana okha kuti amfumu achoke m'sewero.

Analionetsa tsiku la msonkhano wa makolo, panja, anthu atakhala pamabenchi ndi pazitenje. Landilodi atasenza chitseko pamutu, sewero linaima. Mnyamata wofatsa uja anabwera kutsogolo, anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Makolo athu, ife tafika apa. Tithandizeni, amayi awiriwa achite chiyani?" Pakati pa makolowo panali eni nyumba enieni ndi a lendi enieni, ndipo sizinatenge nthawi. Bambo wina anati wa lendi akanapita yekha kukapepesa mwezi usanathe. Mayi wina anati onse awiri alowe banki m'khonde. Wina anati kuzula chitseko n'kulakwa, nkhaniyo ikanapita kwa amfumu kapena kupolisi. Ana anakhalabe m'mbali zawo n'kumayankha. Mayi wina wachikulire, amene zimaoneka kuti ali ndi nyumba za lendi, anaimirira n'kunena kuti anthu amaona ngati eni nyumba amadya bwino, pamene iwo amagona ndi njala kudikira lendi. Mtsikana wa Fomu 2 uja anatula chitseko pansi, nati, "Amayi, ngati ndamva bwino, mukuti nanunso mumadalira ndalama yomweyo kuti mudye." Mayiwo anati eya. Pamenepo ndi pamene anayankha.

Madamu anali kumbuyo kwenikweni ndi kope, akulemba mafunso amene ana analephera kuyankha. Lalikulu linachokera kwa bambo wina wa kabaza, amene anafunsa kuti ngakhale wa lendi atalipira miyezi iwiri yonse, kodi ndalamayo ikwana fizi ya mwana uja? Ana anasowa chonena, chifukwa teremu yonse palibe anaganiza zoika mitengo m'sewerolo. Lachitatu lotsatira madesiki sanakankhidwire kukhoma. Madamu anagawa ana m'magulu atatu, ena akafunse mtengo wa lendi ya chipinda chimodzi ku Namiyango, ena fizi ya teremu, ena chiwongoladzanja cha katapila pamwezi, ndipo Lachisanu abwere ndi masamu ake.